Dzina la Alamu Pakati pa Mafunde

Anandisudzula Lachisanu, ndipo pofika Lolemba m'mawa ndinali kale pamchenga ndi katundu wanga, kudikira kuti madzi akwere. Amuna anga anali atagona m'manda a pachilumba cha Utian zaka zitatu. Nthawi yonseyo ndinkavala zakuda, tsitsi losapesa, osadya chilazi chabwino, osaimba m'tchalitchi, osaponda m'ngalawa. Anzanga ena amamasulidwa chaka chikangotha. Ine ndinachedwa chifukwa cha alamu anga, a Kelela, mlongo wawo wa malemuwo, poti mawu omaliza pa za phwando la maliro anali awo. Chaka choyamba anati zilazi sizinabereke. Chachiwiri anati nkhumba sizinanenepe. Chachitatu akuluakulu a fuko lawo anachita kuwakhalira pansi, ndiye anavomera, nkhope ili gwa.

Dzina lawoli ndikulitchula lero momasuka, koma masiku amenewo silinkatuluka pakamwa panga. Kwathu mtengwa satchula dzina la abale a mwamuna wake. Chifikire pa Utian ndili mtsikana, iwo kwa ine anali "alamu" basi, ndipo ine kwa iwo ndinali "iwe mlamu".

Tsopano ndinali kubwerera kwathu kuchilumba chachikulu cha Misima. Mwana wanga mmodzi yekhayo, Aisea, amagwira ntchito kutauni ya Alotau, ndipo pa Utian panalibenso chondisunga, pakuti nyumba ndi munda zinali za fuko la bambo ake. Kwathu kunali mlongo wanga Lemeki ndi malo a mayi athu. Ndinali nditapitako komaliza pa maliro a mayiwo, Aisea akadali wamng'ono. Nditatumiza mawu kwa Lemeki kudzera mwa anthu a ngalawa, yankho linabwera lalifupi: "Abwere." Liwu limenelo ndinalitembenuza mumtima ngati chilazi pamoto, osadziwa ngati lapsa kapena likadali laliwisi. Ndinali nditamvanso mphekesera zoti m'munda wa mayi anadzalamo mitengo yokhayokha ya buwai, mtedza wotafuna umene umafiiritsa mano.

Ngalawa inali yathanga, zija timazitcha sailau, ya a Isikeli, mkulu wa ndevu zoyera, mano ofiira ndi buwai, pakamwa posatseka. Ankayenda ndi ana a mlongo wawo awiri, Manasa ndi Inosi, amuna a mabanja awo kale. Thanga lake linali losokedwa ndi lona wabuluu, zigamba zake matumba a mpunga. Kumbali kunali chipika chachitali choyandama, ndipo pakati pa chipikacho ndi ngalawa panali thandala la timitengo pamene timakhala ife apaulendo. M'kati anali atalongedzamo miphika yadothi yokulungidwa m'masamba a nthochi, yokasinthanitsa ndi zilazi ku Misima.

Mwambo umati wamasiye sabwerera yekha. Wina wa kuchimuna amamuperekeza, natenga nkhumba yokathokozera abale ake. Ndinkaganiza kuti alamu atuma mmodzi wa anyamata a fuko lawo, koma m'mawa umenewo ndinangoona a Kelela akutsika okha kugombe, dengu lawo la buwai m'khwapa, akukoka nkhumba yakuda pachingwe. Inali nkhumba yawo yapamtima, yoleredwa ndi kokonati wopala, yogona pansi pa nyumba yawo.

"Mwana wanuyu wadya kale, a Kelela, kapena timuphikire tiyi?" anafunsa a Isikeli, akuloza nkhumbayo.

"Inu samalani zigamba zanuzo," anayankha alamu. "Mpunga munadya, matumba mwaveka ngalawa. Tikafikadi ndi chinthu chimenechi?"

"Chimenechi chinanyamula abusa ndi akazi awo onenepa aja, osamira. Inu ndi nkhumba yanu ndi nthenga chabe."

Manasa ndi Inosi anamanga kakhola ka timitengo kumapeto kwa thandala n'kuikamo nkhumba. Inosi anati aimange miyendo yonse, koma alamu anakana kwamtuwagalu. Anati ikafika yotupa miyendo, anthu a ku Misima adzati a ku Utian apereka nkhumba yodwala. Anaimanga mwendo umodzi wakutsogolo, ndipo nsonga ya chingwe anaikulunga okha padzanja lawo.

Amayi angapo a mumpingo anabwera kudzatsanzika. Tinalira pang'ono, a Isikeli anavula chipewa n'kupemphera mwachidule, kenako anyamata anakankha ngalawa ndi mapondo mpaka pakuya. Thanga litakwera, mwera unaligwira, ndipo ndinamva thandala likunjenjemera pansi panga ngati chamoyo. Nyumba za pa Utian zinayamba kuchepa. Ndinayang'ana kuphiri kumene kuli manda mpaka mitengo inasanduka mtundu umodzi, kenako ndinatembenuka.

M'kati mwa matanthwe ozungulira chilumbacho madzi anali obiriwira, odekha, moti mchenga wapansi unkaoneka. Titadutsa pampata, mtundu wa madzi unasintha n'kukhala wakuda bii, ndipo mafunde aakulu anayamba kutinyamula, kutikweza pang'onopang'ono n'kutitsitsa kuseri. Madzi ankalowa m'ngalawa m'mbali ndi m'misoko momwe. Pa sailau palibe mlendo wokhala manja lende, choncho Manasa anandiponyera chigubu chodula pakamwa, ndipo ndinatsikira m'kati n'kuyamba kukapa.

Sindinganame, ndinasangalala. Zaka zitatu ndili wowerama, kuyenda kuchokera kunyumba kupita kuchitsime, kuchitsime kupita kumanda, ndipo lero mphepo inali kundimenya kumaso, mchere uli pamilomo. Nsomba zouluka zinkatumphuka patsogolo pathu m'magulumagulu. Manasa anayamba nyimbo ya m'tchalitchi, Inosi anapolokeza, ndipo ndinangozindikira kuti nanenso ndikuimba, mawu ali osasa ngati chitseko chokhalitsa osatsegula.

"Manda sanaume, wayamba kale nyimbo," anatero alamu, maso ali kwa nkhumba.

Ndinatseka pakamwa. Koma a Isikeli, ali kumbuyo ndi nkhafi yawo yaikulu yowongolera, anaseka mpaka kutsokomola.

"Zaka zitatu manda osauma? Pa Utian pomwe paja, pamene timamwa madzi amchere m'chitsime chifukwa chosowa mvula? A Kelela, musiyeni munthu aimbe. Munamumasula nokha pamaso pa anthu."

"Ndalankhula ndi mlamu wanga, sindinalankhule ndi inu."

"Pamtunda ndi mlamu wanu. Pano ndi wokapa madzi wanga. Amake Aisea, imbani, madzi atuluke msanga."

Sindinaimbenso, koma mumtima ndinkaseka. Dzuwa litafika pamutu tinadya zilazi zophika ndi nsomba yowamba, n'kumwera madzi a kokonati. Alamu anatafuna chilazi chawo theka, theka linalo anapatsa nkhumba. Kumbuyo Utian anali atamira, ndipo kutsogolo mapiri a Misima ankaoneka ngati mtambo wotuwa wokhala pamadzi.

Anayamba kuuona mtambo winawo ndi Inosi. Unali kubwera kuchokera kumwera, wakuda, mvula ikulendewera pansi pake ngati nsalu. A Isikeli analavula buwai, nthabwala zonse zinathera pomwepo.

"Manasa, masula chingwe pang'ono. Inosi, khala kuchipika. Amayi inu, gwirani zolimba."

Mphepo inafika isanafike mvula. Thanga linalira phwa! phwa!, ngalawa inapendekeka, chipika chinatukuka m'madzi, ndipo Inosi anachita kuchigonera kuti chibwerere. Tinayamba kuthamanga kwambiri moti madzi ankachita kuwira m'mbali. Ine ndinali m'kati, madzi ali m'mawondo, kukapa osaona kumene ndikutayira. Kenako funde lina, lalikulu kuposa anzake, linabwera cham'mbali n'kusweka pathandala penipeni.

Nditapukuta m'maso, kakhola kaja kanali katathyoka. Ndinaona nkhumba ikutsetsereka chagada, miyendo m'mwamba, n'kugwera m'nyanja kumapeto kwa thandala. Chingwe chinakungika. Alamu anakuwa kamodzi, anayesa kugwira mtengo ndi dzanja linalo, koma nkhumba inali yolemera ndipo ngalawa inali paliwiro. Anakokedwa ngati mtolo wa nkhuni, thibu!

"Munthu m'madzi!" anakuwa Manasa.

Pamene ndinakwera pathandala, mutu wawo unali kale kutali kumbuyo kwathu, kadontho ka imvi pakati pa thovu.

"Amake Aisea!" anandikuwira a Isikeli. "Imirirani, gwirani chingwe cha mlongoti! Alozeni ndi dzanja, ndipo musachotse maso ngakhale kumwamba kugwe. Ife tikhala otanganidwa, maso athu ndinu!"

Sailau siikhota ngati boti la injini. Chipika chimayenera kukhala kumene kukuchokera mphepo nthawi zonse, ndiye pofuna kubwerera amamasula thanga, kunyamula phazi lake kuchoka kumutu uku kupita nalo kumutu uko, wowongolera n'kuthamanga ndi nkhafi yake kupita mbali inayo, ndipo kumene kunali kumbuyo kumasanduka kutsogolo. Nyanja ikadekha ndi ntchito yochita mukucheza. Tsiku limenelo thanga linkamenya ngati lifuna kupha munthu. Manasa anagwa nalo kawiri, Inosi akutukwana, a Isikeli akukwawa m'mphepete ndi nkhafi yawo paphewa.

Ine ndinaima, dzanja lamanzere pachingwe, lamanja likuloza. Funde likatikweza ndinkawaona, likatitsitsa ankasowa, ndipo ndinkangoloza pomwepo mpaka aonekenso. Ndinkadziwa kuti a Kelela amasambira, ndi mwana wa pachilumba, koma anali munthu wamkulu, atavala diresi lalitali lolemera, ndipo dzanja limodzi linali lomangika kunkhumba.

Kenako mvula inafika. Inagwa yambiri moti nyanja ndi thambo zinasanduka chinthu chimodzi chotuwa. Funde linatikweza, sindinaone kanthu. Lina linatikweza, zii.

"Ali kuti?" anafunsa a Isikeli. Thanga linali litamangidwa, ngalawa yayamba kubwerera.

"Uko! Anali uko!"

"Anali, kapena ali?"

Ndinakuwa, "Alamu! Alamuuu!" koma mphepo inameza mawuwo ngati sindinanene kanthu. Ndinakoka mpweya wonse umene ndinali nawo, ndipo chimene chinatuluka pakamwa panga sindinachikonzekere.

"Kelela! Kelelaaa! Iwe Kelela, yankha!"

Manasa anatembenuka kundiyang'ana, kukamwa yasa. Ine sindinasamale, ndinapitiriza kukuwa mpaka kukhosi kunawawa. Ndiye pakati pa mkokomo wa mvula tinamva kulira kwa nkhumba, kwiii!, chakumanja kwa kumene ndinkaloza. Funde lotsatira litatikweza ndinaona mphuno yakuda, ndipo pambali pake dzanja la munthu litakwezedwa m'mwamba.

"Awo! Awo apo!"

A Isikeli anakanikiza nkhafi ndi thupi lonse. Titayandikira, Manasa anamasula thanga kuti ngalawa ifooke, ndipo Inosi anadumphira m'madzi ndi chingwe m'chiuno. Anawapeza atakolowekera mkono pakhosi pa nkhumba, nkhumbayo ikupalasa ndi miyendo ngati galu. Sindidziwa kuti ankapulumutsa mnzake ndani. Inosi anawakokera kuchipika, ine ndi Manasa tinagona chafufumimba pathandala n'kuwagwira m'khwapa.

"Yambani nkhumba," anatero alamu, milomo ili yotuwa, mawu akutuluka ndi madzi.

"Mayi inu, mutu wanu ukuyenda?" anakalipa a Isikeli. "Kwerani msanga ndisanakumenyeni ndi nkhafiyi!"

"Ndati yambani..."

Sitinawamvere. Tinawakoka mpaka anagwera pathandala ngati nsomba yaikulu. Nkhumba ndiyo inativutsa koposa. Inosi ankaikankha kumatako, Manasa akukoka makutu, iyo ikulira ngati ikuphedwa, ndipo itangokwera inapalasa n'kugwera m'kati mwa ngalawa, pamwamba pa miphika. Tinamva phwanyu! phwanyu! A Isikeli anatseka maso.

"Zilazi zanga zija ndi zimenezo," anatero. "Imangeni miyendo yonse inayi, ndipo wina akatsutsa, mumangeni nayenso."

Palibe anatsutsa.

Mtambo uja unadutsa monga unabwerera, n'kupita kukavutitsa ena kumpoto. Anyamata anatembenuzanso thanga, tinayambanso kulunjika ku Misima. Manasa anatenga chigubu n'kumakapa, ine ndinakhala ndi alamu. Anasanza madzi amchere kambirimbiri. Dzanja limene panali chingwe linali litasupuka khungu, dengu lawo la buwai litapita ndi nyanja, ndipo thupi lonse linkanjenjemera, mano akugundana. Ndinatsegula bokosi langa. Pamwamba panali diresi lamaluwa achikasu limene Aisea ananditumizira kuti ndidzavale pofika kwathu. Linali louma lokhalo. Ndinawavula lonyowalo, amuna atayang'ana kumbali, n'kuwaveka lachikasulo, kenako ndinawafunditsa mkeka n'kuwakumbatira kumsana kuti amve kutentha.

Dzuwa linatuluka, nthunzi ikukwera pathandala.

"Ndinamva," anatero alamu mwadzidzidzi.

"Mwamva chiyani, alamu?"

"Usadzipusitse. Dzina langa. Pakamwa pa mtengwa, ngati ukuitana mwana wako kuti adzatsuke mbale."

Manyazi anandigwira. "Pepani. Mphepo inali..."

"Umenewo ndi mlandu wa nkhumba yathunthu," analowerera a Isikeli kumbuyoko. "Mwamwayi nkhumba tili nayo pompano. Amake Aisea, ingowapatsani yomweyi, nkhani ithe."

Anyamata anaseka. Alamu sanaseke, koma ndinamva msana wawo ukufewa pachifuwa panga. Atalankhulanso, analankhula motsitsa, moti ndinamva ine ndekha.

"Chimwalirire mlongo wanga, palibe wandiitanapo choncho. Onse ndi 'a Kelela', 'azakhali', 'agogo'. Iye yekha ndiye ankati 'iwe Kelela'. M'madzi muja ndinali nditatopa, mlamu. Ndinati basi, ndingosiya. Ndiye ndinamva dzina langa, ndinayesa ndi iyeyo akundiitana. Kenako ndinati ayi, mawu oipa chonchi si ake."

Ndinaseka, misozi ikutsika. Iwo anayang'ana nkhumba yawo, ili gone pamapale a miphika.

"Nkhumba zinali zitanenepa kalekale," anatero.

"Ndinkaziona, alamu."

"Unkaziona, osanena kanthu?"

"Ndikananena kwa yani?"

Anapukusa mutu. "Pabwalo paja patsala ine ndekha. Mwamuna anandithawa, mwana Mulungu sanandipatse. Madzulo ndinkamva iwe ukutsokomola kuseri kwa khoma, ukupala kokonati, ndinkadziwa kuti pali munthu." Kenako anawonjezera mwaukali, "Ndipo kokonati umapala moipa. Umasiya zambiri m'chigoba."

Ndinangowakumbatira kwambiri.

Dzuwa litapendeka, Misima anali atatalika pamwamba pathu, mapiri obiriwira mpaka kunsonga, mitsinje ikugwa m'maphompho ngati ulusi woyera. Fungo linatipeza tikadali panyanja: dothi lonyowa, utsi wa m'minda, masamba owola. Ndinali nditaiwala kuti kwathu kumanunkhira. Ndinayamba kuzindikira malo, thanthwe limene tinkadumphirapo tili ana, mtengo waukulu wa pakamwa pa mtsinje, denga la tchalitchi limene tsopano linali lamalata.

Ana anationa poyamba n'kuyamba kukuwa. Pamene a Isikeli ankalowetsa ngalawa pakamtsinje, anthu anali atadzaza pamiyala. Mkulu wina wadazi, wowonda, analowa m'madzi mpaka m'chiuno osakwinya n'kabudula komwe. Ndinamuyang'ana ngati mlendo mpaka anatsegula pakamwa.

"Losalini! Mwana wa mayi anga!"

Anali Lemeki. Ndinatsika m'madzi momwemo, tinagwirana n'kulira, kulirira amuna anga, kulirira mayi, kulirira zaka zimene zinatidya tili kutali. Akazi ake, a Mereani, anabwera kudzandigwira dzanja, koma maso awo anali pa a Kelela, amene ankatsika mothandizidwa ndi Inosi, atavala diresi lachikasu lowafika m'mawondo.

"Kodi wosudzulidwayo ndi uti?" ndinamva mayi wina akunong'oneza mnzake.

Anatitengera kumudzi. Nyumba imene Lemeki ankandimangira inali mizati ndi denga la mbali imodzi. Anakanda pamutu n'kunena kuti masamba ofolerera anachedwa kuuma, ndikhala ndikugona kwawo kaye. Sindinadandaule. Mizatiyo inali yamtengo wabwino, ndipo munthu sakumbira mizati mlendo amene sakumufuna.

M'mawa mwake abale anasonkhana pabwalo kuti alandire nkhumba. Anyamata anaibweretsa itapachikidwa pamtengo. A Kelela anaimirira, dzanja lomangidwa nsanza, n'kulankhula mawu a mwambo: kuti mwana wanu tinamutenga ali mtsikana, watisamalira m'bale wathu mpaka kumuika m'manda, walira maliro mokwanira, ndipo lero tamubweza ndi manja awiri. Lemeki anathokoza. Aliyense ankayesa zatha, koma alamu sanakhale pansi.

"Funso limodzi, bambo. Munthuyu adzadya chiyani?"

Lemeki anadabwa. "Adzadya nafe. Ndi mlongo wanga."

"Sindikufunsa za mbale ya lero. Munda wa mayi ake uli kuti?"

Lemeki anayang'ana akazi ake, a Mereani anayang'ana pansi. Ine ndinafuna nthaka itseguke. Nkhani imeneyi ndinkaganiza zodzaiyamba mwezi utatha, mwinanso iwiri, mochenjera.

"Mundawo ulipo," anatero Lemeki. "Kungoti ndinadzalamo buwai. Unkangomera tchire, ndipo sitinkadziwa ngati adzabwerenso."

"Wabwera. Kodi buwai amaphika?"

Wina anaseka kumbuyo n'kudzigwira pakamwa.

"Mayi, mitengo ija yayamba kale kubereka," anatero a Mereani. "Ana athu amapita kusukulu ndi yomweyo. Tiidule?"

"Ndani wanena zodula? Ine ndamira m'nyanja dzulo ndi nkhumba iyi. Funsani a Isikeli. Sindinamwe madzi amchere kuti ndidzasiye mlamu wanga akupempha chilazi pakhomo pa wina. Kwathu wakhala zaka zonsezi, sanapemphepo kanthu kwa munthu."

"N'zoona anamira," anatero a Isikeli, akutafuna buwai wa eni mudzi. "Ndipo ndikuchenjezeni, a Lemeki, mayi awa akagwira chinthu sataya. Nyanja yayesa, yalephera."

Apa anthu onse anaseka, Lemeki yemwe. Ukali umene unandipsinja zaka zitatu ndinauona tsiku limenelo utaima kutsogolo kwanga ngati mpanda, ndipo sindinadziwe kuti ndiseke kapena ndilire. Anakambirana mpaka dzuwa kutentha. Amalume athu ena okalamba anakumbutsa kuti malo a mayi sathera pa buwai, amakwera mpaka kukasupe, kungoti kumtundako kwakhala tchire chimwalirire mayiwo. Anagwirizana kuti mitengo ya buwai ikhale ya Lemeki, koma mzere wa m'mphepete mwa njira ukhale wanga, kuti amuna a pabanja adzandigwetsere mitengo ikuluikulu kumtunda kuja, ndipo a Mereani analonjeza okha mbewu ya zilazi ndi koko. Madzulo ake anandiitana kukhitchini kuti ndiwathandize kusenda, ndipo tinacheza bwino.

A Isikeli anakhala masiku angapo akusinthanitsa miphika imene inapulumuka. Tsiku lonyamuka anatuma Manasa kudzaitana alamu, koma iwo anati dzanja silinapole, ndipo sangasiye munda usanatenthedwe, chifukwa anthu a ku Misima ukawasiya okha amayamba mawa. A Isikeli anati adzabweranso mwezi ukakhala pakati, ndipo akadzakananso adzawamanga miyendo.

Tinakwera kumtunda kuja m'mawa wotsatira, ine, alamu, Lemeki ndi ana ake aamuna awiri. Njira inali yoterera, ndipo a Kelela ankaima pafupipafupi, akunamizira kuyang'ana mitengo. Pakasupe anagwada n'kumwa ndi manja, anamwanso, anasamba kumaso, kenako anangokhala pamwala kuyang'ana madzi akutuluka pansi pa thanthwe n'kumapita osatungidwa ndi munthu.

"Amangotayika chonchi usana ndi usiku?" anafunsa.

"Chibadwire changa," anatero Lemeki.

"Anthu inu Mulungu adzakufunsani."

Amuna anayamba kugwetsa mitengo, ine ndinalowa m'tchire ndi chikwanje. Manja anali atafewa, matuza anatuluka msanga, koma sindinaleke. Nditatopa ndinapeza alamu atakhala pamalo pamene ndinalambula, akukumba ndi kamtengo. Anatapa dothi lodzaza dzanja, lakuda, lonyowa, nyongolotsi ikuyenda m'kati. Munthu amene moyo wake wonse anakanda miyala ya pa Utian kuti apeze chilazi chonga chibakera, analifinya, analinunkhiza, n'kulibwezera pansi mosamala.

"Dothi ili ndi lowononga anthu," anatero. "N'chifukwa chake kuno muli aulesi."

"Eya, alamu."

"Uku kumunsi, kufupi ndi madzi, undisiyire mizere iwiri. Ndidzadzala ndekha, iwe sudziwa kutalikitsa mapando. Pokolola ndidzabwera kudzaona ngati sunandibere."

"Mudzabwera pa sailau yomwe ija?"

"Nanga ndidzauluka?" Anatambasula dzanja labwinolo. "Bweretsa chikwanjecho. Iwe ukudula ngati ukupepesa mitengo."